Phala la Misere pa Fakitale Yosoka Zovala

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, Mayi a Kukhitchini akhala akuphikira anthu a pa fakitale yosoka zovala phala la misere ya chimanga. Amafika kusanache bwino, n'kutakasa mphika waukulu mpaka mapewa kuwawa. Si mayi olongolola, koma amadziwa amene amapempha chipande chachiwiri ndi amene amasiya m'mbale.

Lachitatu lina, cha m'ma teni koloko m'mawa, mtsikana wina wosoka makolala anakomoka pa makina, singano n'kumuboola chala. Ola lisanathe, mayiwo anaitanidwa ku ofesi. Anapeza abwana ali chiimire, nesi wa pafakitalepo atakhala pakona ndi mtsikanayo, chala chili m'bandeji.

Abwana sanawapatse mpando. Anati oyendera mafakitale akubwera Lolemba, ndiye akufuna adziwe ngati anthu awo akumwa phala kapena madzi oyera. Ngati vuto ndi phala, ndiye kuti wophika alongedze.

Mayiwo ankadziwa pamene panagona nkhani. Kwa masabata atatu ankamuona mtsikanayo akuthira phala lake m'kachitini n'kubisa m'chikwama, kuti masana akapatse bambo ake odwala, iye n'kumapalasa makina kumimba kuli pululu. Koma lamulo linali lakuti wotulutsa chakudya pageti, ntchito yatha. Mtsikanayo anangozolika.

"Bwana, phala langa si madzi," anatero mayiwo. "Misere imapatsa mphamvu, koma payokha sichedwa kutha m'mimba, ndipo zomanga thupi ndi zochepa. Mkaka ndinaupempha chaka chatha, mtedza ndinaupemphanso. Munati tidikire."

Abwana anacheukira nesi, amene anayamba watsokomola asanavomereze kuti n'zoona, n'kuwonjezera kuti mtsikanayo akuoneka wochepa magazi. Kenako abwana anafunsa mayiwo ngati mtsikanayo anadya m'mawa umenewo.

"Ndinamupakulira ndi dzanja langali," anayankha osaphethira.

Abwana anawayang'anitsitsa nthawi yaitali, koma sanafunsenso. Mayiwo anatuluka ndi kalata yowachenjeza chifukwa choyankha mwamwano. Atafika kukhitchini anakhala pa thumba la misere mpaka belu la masana kulira.

Lolemba kunabwera mkaka ndi mtedza wosinja. Mtsikanayo anatsalira m'mbuyo pamzere kuti athokoze, koma mayiwo anamudula pakamwa, n'kumukokera kampando pafupi ndi mphika.

"Mwanawe, khala apa, udye ndikuona. Iweyo ukagwanso, bambo ako awasamala ndani?"

Anadya misozi ikugwera m'mbale. Mayiwo, uku akukwecha mphika, anamulangiza zowaphikira bambowo kunyumba asananyamuke kubwera kuntchito: misere yochepa yoviika madzulo, moto wapang'onopang'ono, ndi dzira limodzi lomenyera momwemo phala likali lotentha.