Chitenje Chomwe Tinavina Nacho

Ndikufuna kudziwitsa owerenga za chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu, chomwe amayi ankasunga pansi penipeni pa sutikesi yawo. Chinkanunkha mankhwala a njenjete, ndipo mizere yopindira ya kusitolo inali ikuonekabe.

Munali m'nyengo yachisanu, titakolola nsawa, ine ndili m'giredi 7 ku Madzimoyo. Aphunzitsi anaonera filimu m'nyumba ya vidiyo ku Chipata, yonena za mnyamata wosauka yemwe anakopa mwana wa munthu wolemera chifukwa chodziwa kuvina. Atabwerera anaisandutsa sewero la nyimbo za Chinyanja, ng'oma ziwiri ndi gitala wachigubu. Ndikunena mosadzikweza kuti pa anyamata onse anasankha ine kukhala mnyamatayo.

Vuto linali ili: pamapeto mnyamata amagwira mtsikana m'chiuno n'kumunyamula. Amalume, omwe ankatiyang'anira chimwalirireni atate, komanso anali mkulu wa mpingo, atamva zimenezi anagamula kuti ndichoke m'seweromo. Anati mwana wa mlongo wawo sangagwire chiuno cha mwana wa eni pamaso pa makolo. Lero ndikuona kuti sanalakwe kwenikweni, koma panthawiyo ndinakana chakudya masiku awiri.

Amayi sankatsutsana ndi amalume pa chilichonse. Tsiku limenelo anapitiriza kusenda nsawa, maso ali pansi, kenaka anafunsa kuti: "Achimwene, nanga akapanda kumukhudza, mlandu ulipo?" Amalume anati palibe.

M'mawa mwake amayi anapita okha kwa aphunzitsi ndi chitenje chija. Atatiitana, amayi anapatsa mtsikana yemwe ndinkasewera naye nsonga imodzi, ine nsonga inayo. Anationetsa kukoka, kulekerera ndi kuzungulira, mpaka mtsikanayo atadzikulunga m'nsalu n'kuima pafupi nane, patatsala mpata wa chikhatho chimodzi. Aphunzitsi anavomera kuti zimenezi zinaposa za m'filimu.

Tinasewera Loweruka masana m'holo ya parishi, pansanja ya madesiki omangidwa ndi luzi. Madesikiwo ankalira pansi pa mapazi, fumbi likuwala m'dzuwa la pazenera. Mpata uja utatsala, nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Amalume anaimirira n'kuuza bambo woyandikana nawo kuti: "Ameneyo ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga." Mawu amenewo ndimawasunga kuposa satifiketi iliyonse yomwe ndinalandira pambuyo pake.

Ndiyenera kuwonjezera mfundo imodzi. Titafika kunyumba, amayi anachapa chitenjecho, ndipo Lamlungu anachivala kutchalitchi, amayi anzawo akuwagwira m'manja ngati munthu wochira matenda. Ine ndinadandaula mumtima kuti nsalu ya sewero langa yasanduka chovala wamba. Sindinadziwe kuti atate anaigula sabata lomwe anadwala, ndi kuti kwa zaka zitatu amayi anali asanalimbe mtima kuifunyulula.