Achikulire a Thireyi ndi Nsomba Yadzana

Dzuwa lisanatuluke, achikulire a nyumba yapakona amakhala ali kale pakhonde, simbi ili m'manja, kusita shati yawo yoyera ya kuhotela. Imvi zonsezi zawamerera akuperekera alendo chakudya, moti ngakhale popempha madzi akumwa kwa akazi awo amayamba ndi kuwerama. Akaona achinyamata akubwera ndi masatifiketi a kusukulu ya zamahotela, amapukusa mutu: "Kodi pepala lili ndi manja? Linyamule thireyi tione!"

Koma chaka chino eni hotela alamula kuti aliyense wopanda pepalalo asiye ntchito. Achikulire anameza mawu awo, nakakhala pabenchi kusukulu ija limodzi ndi ana amsinkhu wa zidzukulu zawo.

Tsiku la mayeso, woyesa anakhala patebulo ngati mlendo. Achikulire anayala mafoloko bwinobwino, ndipo madzi sanadonthe ngakhale pang'ono. Woyesayo ataitanitsa nsomba, iwo anasuzumira kukhitchini, nawerama, nanong'ona monga achitira ndi alendo awo apamtima: "Bwana, nsombayo ayi. Ndi yadzana."

Analephera basi. Akuti woperekera chakudya wophunzira sanyoza khitchini yake. Tsopano atsala ndi mwayi umodzi wokha, ukapita umenewo shati yoyera ija ilowa m'sutikesi.

Dzulo anaimitsa mayi wachitsikana woyandikana nawo nyumba, khanda lili kumsana, namukokera mpando mwaulemu wonse wa kuhotela.

"Mwana wanga, ndithandize. Khala apa ngati mlendo, uitanitse nsomba. Ukangoona ndayamba kuwerama, undiponde phazi."