Buku la Aliness Lagulitsidwa Pamodzi ndi Maungu

Mayi Belita Makina a ku Jenala ali ndi lamulo limodzi lomwe ngakhale njala sinalithyolepo: choyamba chilichonse ndi cha Mulungu. Dengu loyamba la nandolo, mwana woyamba wa mbuzi, dzungu loyamba kukhwima, zonse zimapita kutchalitchi pa tsiku la masika, pamene akhristu amatula zokolola kuguwa ndipo akulu a mpingo amazigulitsa kwa amene watchula mtengo woposa anzake. Malemu amuna awo anayesapo kubisa tambala woyamba kuseri kwa nkhokwe. Tambalayo analira, mlandu unathera pomwepo.

Mwana wawo woyamba, Aliness, sizikanatheka kumugulitsa pa masika, choncho anamupereka kusukulu. Sukulu inamutenga osabweza: Phalombe, Zomba, kenako ku Joni, kumene anakatenga digiri yachitatu, ya luso lolemba nkhani zopeka. Anthu ankafunsa ngati munthu amafunikadi kupita ku Joni kukaphunzira kunama. Mayi Belita ankayankha kuti ena amanama osaphunzira, koma amayenda pa galimoto zokhala ndi dalaivala.

Mwa anzake amene anamaliza nawo, wina akuphunzitsa, wina akuweta nkhuku, wina amalembera mabwana mawu oyankhula potsegulira mijigo. Aliness yekha buku lake linalandiridwa ndi kampani yosindikiza mabuku. Mbiri itafika kuboma, kunabadwa komiti. Komitiyo inabala ana: komiti ya mipando, ya zakudya, ndi ya ndondomeko. Anagwirizana kuti bukulo likhazikitsidwe Lolemba pa bwalo la sukulu, mlendo wolemekezeka akhale a Fraser, bwana wina wa kuboma amene lumo lake lodulira maliboni silichita dzimbiri. Za bukulo panalibe komiti.

Ndiye makatoni a mabuku anakanirira pachipata cha m'malire, kudikira chidindo cha munthu amene anapita kumaliro. Aliness anafika Loweruka ndi buku limodzi lokha m'chikwama.

"Amayi, loyamba kutuluka ndi limeneli. Mulisunge pabwino, ine mawa ndili kumsonkhano wa komiti."

Mawa lakelo linali la masika.

Bukulo linakagona kuguwa pakati pa maungu, chinangwa ndi thumba la kalongonda. Mkulu wa mpingo wogulitsa zinthu analinyamula, nalitembenuza uku ndi uku.

"Amake Aliness, ichi n'chiyani?"

"Zokolola."

"Munda wake uti?"

"Wa ku Joni. Ndaupalira zaka zambiri, gulitsani."

Tchalitchi chinatentha. Aphunzitsi aakulu anatchula mtengo, a Goodman a kabaza, amene amanyamula anthu pa njinga yakapalasa, anawonjezera. A Goodmanwo anali atabwera kudzagula tambala, koma tambala anali atawaphonya, ndipo sanafune kugonjanso kachiwiri pamaso pa akazi awo. Aphunzitsi anakweza, a Goodman anakwezanso, amayi a chigwirizano akuimba nthungululu ngati pa ukwati. Mapeto ake aphunzitsi anakhala pansi n'kuyamba kupukuta magalasi.

Madzulo Aliness anafunsa za bukulo.

"Layenda bwino zedi, mwanangu! Mtengo wake waposa wa mbuzi ya anzanga aja a Fanny!"

"Layenda kupita kuti?"

"Kumasika."

Aliness anakhala pansi pakhonde osaona n'komwe ngati pali mkeka. "Amayi, mawa boma lonse likubwera kudzaona buku. Ndikawaonetsa chiyani, chikwama?"

Apa m'pamene mayi Belita anaona kuti mwana wawo akaima pamaso pa anthu onse aja manja ali lende, ndipo amene ankati anakaphunzira kunama adzapeza umboni. Anamanga chitenje mothina n'kulunjika kwa a Goodman. Anawapeza atakhala pa mtondo wogwadika, njinga ili chigonere, mphuno ili m'buku. Anthu awiri ofuna kupita kumsika anali atabwezedwa kale.

"A Goodman, ndabwera ndi manja awiri."

"Amayi, cha masika sichibwerera. Si inu munandikaniza nkhuku yanga chaka chija, muli mu komiti ya masika?"

"Sindikuti mubweze. Mutibwereke."

"Ndili pakati. Mkamwini wa m'bukumu amuthamangitsa kumene pamudzi, katundu ali pamutu. Ndimusiye panjira?"

"Bwana akungofuna kuligwira basi."

"Amayi, chinthu bwana akachigwira, munachionapo chikubwerera?"

Mayi Belita anali asanachionepo. Anakambirana mpaka anamvana: kumene buku lipite, mwini wake apitanso komweko.

Lolemba komiti ya ndondomeko inagwa m'mavuto aakulu. Mipando ya kutsogolo inali itagawidwa kale motsata maudindo, ndipo wa kabaza sapezeka pa makwerero amenewo. Anakhala kamsonkhano kuseri kwa kalasi, natuluka ndi udindo watsopano: woimira owerenga onse a m'boma lino. A Goodman anakhazikidwa pakati pa a Fraser ndi abusa, atavala jekete ya mlamu wawo, napatsidwa botolo la madzi.

A Fraser anayankhula nthawi yaitali. Anati bukuli ndi chitukuko, anati ndi chida, anatinso likugwirizana ndi masomphenya. Pambali pawo pankamveka tsamba likutembenuzidwa. Nthawi yodula liboni itakwana, Aliness anakulunga bukulo ndi liboni lili m'manja mwa a Goodman momwemo. Bwana anagwira mbali imodzi, a Goodman mbali inayo, chala chili pa tsamba pamene analekezera. Lumo linagwira ntchito yake. Bwana anakoka pang'ono, mwaulemu, akumwetulira wojambula. Buku silinasunthe. Anakokanso. Chithunzi chimene chili pakhoma kwa mayi Belita chikuonetsa amuna awiri akusekerera, mitsempha ya m'manja itatupa.

Ng'oma za tchopa zinalira, fumbi linakwera mpaka kubisa phiri la Michesi, ndipo mayi Belita analowa m'bwalo ngati mtsikana. Mkati mwa phokosolo a Goodman anakuwa:

"Achemwali! Mkamwini uja abwereranso kwa mkazi wake?"

"Werengani, achimwene!" anayankha Aliness.

"Mkamwini wake uti? Wa kwa yani?" anafunsa amayi ena kumbuyo, ndipo mwambo usanathe anthu anali atandanda kumbuyo kwa a Goodman, aliyense akupempha kuti akamaliza abwereke iyeyo. Aphunzitsi aakulu anaima nawo pamzerewo.

Mayi Belita anabwerera pampando akupuma mwawefuwefu, thukuta lili kamukamu. Aliness anawagwira dzanja n'kuwanong'oneza kuti wayamba kale kulemba buku lina.

"Wachita bwino," anatero mayiwo. "Loyamba lake udzandipatsenso ine ndikusungire."