Khosi Lopindika

Lero akupaka vanishi zitseko za ku ofesi, ndipo fungolo landikumbutsa amalume a ku dera la South B, amene ankasema mavayolini, zoimbira za zingwe, a akatswiri oimba.

Tsiku lina amayi anandisiya kwa amalumewo khosi litandiuma, mutu uli chopendekeka. Amalume, tchizulo kumanja, ankauza mayi wina woimba kuti, "Khosi lopindikali tilichotsa lero, kenako titsegule mimba."

Ndinathawira pansi pa tebulo, mu utuchi, nditagwira khosi ndi manja onse, mkodzo ukutsika m'miyendo.

"Tadala, ukuliranji?"

"Musandidule, amalume. Ndiliwongola ndekha."

Sanaseke. Anagwada, natenga chala changa n'kuchiyendetsa pa vayolini ya mayi uja. "Khosi lake ndi ili."

Ndakula tsopano, koma manja ofatsa ngati amene ndinkawaopawo sindinawaonenso.