Keyala ya Achimwene

Masitampa ndinayamba kutola ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, kudzala la kuseri kwa ofesi ya esiteti ya tiyi kumene amayi ankathyola masamba. Anzanga ankalimbirana a nkhope ya Mfumukazi. Ine ayi, ndinkafuna a zilombo zoluma ndi zaululu. Kalaliki wa pa ofesipo anandiuza kuti kunja kuno kuli sitampa ya chinkhanira, ndipo ndinaisaka ngati wamisala, osaipeza.

Pomatula sitampa ndinkaviika envulopu yonse m'mbale ya madzi mpaka guluu atasungunuka. Luso limeneli ndinkadzitama nalo, chitsiru ine.

Nthawi imeneyo achimwene anga anali atasowa zaka ziwiri. Anawoloka Ruo kukaona abale, Apwitikizi n'kuwagwira kupita nawo ku chibalo. Anthu a kwathu ku Milonde anali atayamba kutiuza kuti tingowalira basi.

Ndiye kunabwera kalata. Sitampa yake inali ya nsomba ya mizeremizere, minga thupi lonse, ndipo kalaliki uja popereka anati imeneyo ikakubaya sugona tulo. Ndisaname, mtima wanga unathamangira nsombayo.

Ndinawawerengera amayi pakhonde, poti iwo sukulu sanapiteko. Achimwene anali moyo, koma chifuwa chitawagwira, m'munda wa kokonati kufupi ndi nyanja yamchere. Ankapempha kuti amalume awapititsire chiphaso chawo cha msonkho wa ku Nyasalande, kuti Mzungu wa kumeneko akachiona awamasule. Keyala, iwo anati, wawalembera munthu wodziwa Chipwitikizi kuseri kwa envulopu. Mawu amenewo ndinawawerenga ndi pakamwa pangapa.

Amayi anamanga kalatayo pansonga ya chitenje n'kuthamangira kwa amalume. Envulopu inatsala pamphasa, ndipo manja anga anachita zomwe anazolowera. Pomwe ndinkaivuula, madzi anali atasanduka abuluu, kuseri kuja kuli mbee.

Amalume anafika atamanga kale kamba wa paulendo. Anaitembenuza envulopu yonyowayo, anaiyanika, anailoza kudzuwa, kenako anavula lamba. Amayi anawagwira dzanja. Bola akanandimenya.

Anapitabe amalume, n'kuyenda mwezi wathunthu akufunsa munda ndi munda. Minda ya kokonati kumeneko ndi yosawerengeka. Anabwerera okha mapazi atatupa, ndipo kalata ina sinabwerenso.

Amayi sananditukwanepo. Chomwe ankachita, kaya tikupalira, kaya tikuchokera kutchalitchi, ankaima n'kundifunsa motsitsa mawu ngati sindinakumbukire ngakhale liwu limodzi la pa keyala ija. Kuseri kuja ine sindinayang'aneko n'komwe, koma ndinalibe mtima wowauza zimenezo. Anafunsa choncho mpaka ine kukhala ndi ana anga. Pa matenda awo omaliza, mawu atayamba kuthawa, anandikoka dzanja.

"Mwanawe, iwe ndi wa sukulu. Taganiza bwinobwino, mwina libwera."

Ndinawayankha kuti ndikuganiza, amayi.