Zikhadabo za Abiti Liwiro

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali sitandade 4, kwathu kufupi ndi boma la Mangochi, nthawi ija anyamata a malaya ofiira ankaima pachipata cha msika kufunsa khadi la chipani. Ine za khadi sizinkandikhudza. Mtima wanga unali pa zinziri zitatu zimene msuweni wanga anandikolera m'munda wa mapira ku Chowe. Ziwiri zinafa sabata yoyamba. Yotsalayo ndinaitcha Abiti Liwiro, chifukwa ikapulumuka m'manja munkangoona fumbi.

Khola ndinamanga ndekha ndi bango, m'mwamba pa mphanda zinayi, kuopa amphaka. Pansi pake ndinakunga chidutswa cha ukonde wakale wa bambo kuti zitosi zizigwa zokha. Kwathu ukonde wotha ntchito sutayidwa, timatchingira dimba, timamangira denga, ndiye ndinkadziona wanzeru. Palibe anandiuza kuti zinziri ndi mbalame ya pansi, imafuna kupalasa dothi kuti zikhadabo zizipereseka.

Patapita miyezi ingapo zikhadabo zinapindika ngati mbedza, zitosi zinaumira kuzala ngati timiyala. Lachisanu lina m'mawa ndinaipeza ikuphupha, chikhadabo chitakola mu ukonde. Nditaimasula inangogona chammbali.

Za zikhadabo ndinkadziwa chimodzi. Lolemba lililonse aphunzitsi ankatifoletsa, manja patsogolo, ndipo wa zikhadabo zazitali ankalandira rula pamfundo za zala. Kumenya ankatha. Kuonetsa mwana kawengedwe, ayi. Sukulu imeneyo ndinaisiya sitandade 6 ndipo sindiisowa. Choncho ndinatenga lezala lometera la bambo n'kudula chikhadabo chinakola chija monga ankafunira aphunzitsi, mpaka patsinde. Magazi anatuluka ochuluka kuposa mmene ndinkaganizira kuti kambalame kangakhale nawo.

Bambo anaiyang'ana kamodzi kokha. "Imeneyi sifika mawa. Ikafa yokha ndi haramu. Ndikabwera ku mapemphero a Juma ndiichinja."

Ndinaibisa m'malaya n'kuthamangira kwa amjomba anga, alongo awo a mayi, Che Bwanali, telala wa pakhonde la sitolo. Ndinkamva kamtima kake kakugunda pamimba panga. Ndinawapeza akuwenga zikhadabo zawo, monga ankachitira Lachisanu lililonse asanapite kumzikiti, akutolera pakansanza kuti akakwirire.

"Mwaipha kale, kapena mwandisiyirako?" anafunsa.

"Ndimaiwenga, amjomba."

"Kuwenga? Uku n'kusenda chinangwa, adokotala."

Anatapa phulusa lozizira m'simbi yawo yamakala n'kukanikiza pachala chija mpaka magazi analeka. Kenako anathira madzi ofunda ndi mchere pang'ono m'chivundikiro cha poto, tinaviika timiyendo. Zitosi zouma zija zinafewa, fungo lake losafotokozeka, ndipo amjomba anazichotsa ndi kansalu, chala chimodzichimodzi. Atatero anakweza phazi la zinziri kudzuwa. M'kati mwa chikhadabo ndinaona kamzere kofiira kotha pakatikati.

"Apo ndi pamoyo," anatero. "Iwe dula poyera pokha, kunsonga."

Ndinkayembekeza kuti adula okha. Anandipatsa sizasi yawo yaing'ono, ija sankalola munthu kuigwira. Zinatsala zikhadabo zisanu ndi ziwiri. Kumzikiti anayamba kuitana, anzawo ankadutsa ndi mikanjo yoyera akuwakodola, koma sananyamuke mpaka nditamaliza chomaliza. Palibe ndi chimodzi chomwe chinatuluka magazi.

"Chotsa ukonde uja. Zinziri si usipa. Khola litsike pansi, uikemo mchenga ndi mwala wophwatalala."

Nditabwerera kunyumba ndinachita zonsezo ndikumvetsera kubwera kwa bambo. Bambo anabwera ndi mpeni m'manja, amjomba ali pambuyo pawo ngati angodutsa. Ndinatsegula khola. Abiti Liwiro inali itagona pamchenga. Bambo atawerama kuti aigwire, inadzuka, inatsimphina kawiri, n'kuyamba kusamba mumchenga ndi mapiko onse. Mkanjo wa Lachisanu unadzaza fumbi.

Bambo anadzisasa, anayang'ana mpeni, anayang'ana mlamu wawo. "Ndiwo zake zitinso, kanyama kosadzaza supuni." Mpeni unabwerera kukhitchini. Zinziri ija inakhala nane zaka zina ziwiri, chala chimodzi chopanda chikhadabo.

Masiku ano zinziri zalowa m'tauni. Anthu amaweta zachizungu zodzaza makola a waya, ena ongokonda kuziona. Amawerenga mazira, koma kumapazi sayang'anako, ndipo zimandinyansa. Makola ambiri a kuno ndimakhoma ndine, wopanda satifiketi yemweyu, ndipo lililonse ndimaikamo thireyi ya mchenga, afune asafune. Ana a eni makola ndiwo amamva msanga. Mwana akandibweretsera zinziri yopindika zikhadabo, sindimukalipira. Ndimakweza phazi kudzuwa, ndimamuonetsa kamzere kofiira, kenako sizasi ndimampatsa iyeyo.