Mabowo Anayi pa Firiji ya Bambo

Bambo anga anthu amawatchula kuti a Mafiriji. Zaka makumi atatu ankakonza mafiriji pakhonde la sitolo ina, ndipo lamulo lawo linali limodzi: mpweya usalowe, mpweya usatuluke. Ankangoyendetsa chala m'mbali mwa chitseko n'kukuuza pamene labala watha. Kenako manja anayamba kunjenjemera, makasitomala anathawira kwa ena, bambo n'kumangokhala pakhomo kuonerera amayi akudyetsa nkhuku. Mwamuna wosowa chochita amavuta kuposa mwana wodwala, ndikunena ine amene ndinkawasamutsa ndi mpando womwe ndikafuna kusesa.

Nkhukuzo zinali za amayi, zakhosi lopanda nthenga, mtundu umene anabwera nawo pokwatiwa. Chitopa chitafika zinatha psiti m'masiku anayi, n'kungosiya mazira khumi ndi anayi m'dengu. Makola a aneba nawonso anali atasesedwa, thadzi lofungatira kunalibe. Mazirawo akapanda kuswa, ndiye kuti nkhuku za amayi zathera pomwepo.

"Musalire, amayi ake," anatero bambo. "Thadzi n'chiyani? Si kutentha basi? Ine ndaziziritsa zinthu moyo wanga wonse, ndingalephere kufunditsa?"

Anakokera firiji yakufa m'chipinda chosungiramo katundu. Anamangamo mababu awiri, kafani, ndi kachida kozimitsa mababuwo kukatentha kwambiri. Pansi anaika mbale ya madzi. Kuti alumikize waya umodzi, sikuludiraiva inkagwa kasanu, koma ukati uwathandize ankakuyang'ana ngati wawatukwana. Dzira lililonse analilemba ndi pensulo mbali zonse ziwiri kuti asasokonezeke potembenuza.

Amayi anaizungulira firijiyo kawiri.

"Abambo ake, nkhuku imadzuka pamazira kuti apitidwe mphepo. Boolani."

"Kuboola firiji? Ine?"

"Boolani, ndati."

Anaboola mabowo anayi, nkhope ili ngati akuwazula dzino.

Masabata awiri zonse zinayenda bwino. Katatu pa tsiku ankatsegula n'kutembenuza mazirawo ndi manja awiri, lina kugwira linzake. Kenako kunja kunazizira. Tsiku lina masana ndinawapeza atatsamiritsa dzanja pabowo, akumva kutentha kukutuluka, nkhope itakwinyika. Anatenga guluu ndi tizidutswa ta labala n'kumata onse anayi, bwinobwino moti sukanadziwa. Ndinawaona ndi maso angawa. Ndinangoti duu, chifukwa anali akuimba mluzu koyamba m'zaka ziwiri, ndipo sindinafune kukhala ine wowatseka pakamwa. Mpaka lero zimandiwawa.

Masiku atatu omaliza sutembenuzanso mazira, sutsegulanso chitseko. Bambo analondera chitsekocho ngati msilikali. Tsiku la makumi awiri m'mawa tinamva kulira kwa mwanapiye m'kati, kotsika kwambiri. Amayi anagwira pamtima, n'kuthamanga kukasesa m'khola. Pofika masana kunali zii.

Tinadikira tsiku lina, linanso, mpaka atatu. Ndi amayi amene anazimitsa magetsi n'kutsegula. Munatuluka mpweya wolemera, wachinyezi. Anaswa dzira loyamba ndi chikhadabo. Munali mwanapiye wathunthu, nthenga zonyowa, khosi lili mbee ngati la make, mlomo utaloza pachikhokhombe. Anaswa lachiwiri, lachitatu. Awiri okha ndi amene anali osukusa, khumi ndi awiri anafa atatsala pang'ono kutuluka.

Amayi anawandandalika pathumba. Kenako anapapasa m'mbali mwa firiji kufuna mabowo aja, chala chawo n'kukumana ndi guluu wouma. Ine ndinayembekezera phokoso loti aneba atuluke, ndipo bola akanakalipa. Anangopukuta chalacho pansalu yawo.

Bambo anaima pakhomo, manja atawapanikiza m'khwapa kuti asaoneke kunjenjemera.

"Ndaona pamene ndinalakwitsa, amayi ake," anatero motsitsa mawu. "Ulendo wina ndiboola asanu ndi atatu, ndipo sindikhudzanso."

Amayi anapinda thumba lija mosamala, kona ndi kona, n'kundipatsa kuti ndikakwirire.

"Ulendo wina ndi mazira a ndani?"

Amayi anawadutsa bambo cham'mbali n'kupita kuseri. Patapita kanthawi tinamva akuzula mitengo ya khola, umodziumodzi.